Akufuna uziulutsa kwa iye yekha? Mufunse kuti akupatsa zingati

Pali kachiganizo kamodzi kamene kamabisala mkatikati mwa mapangano a anthu opanga live pa intaneti, ndipo ambiri amangodina kuvomera osakawerenga n'komwe. Kamati ukakhala wathu usakaonekerenso live kwina, kaya pa YouTube, kaya pa Facebook, kaya kuti, iwe ndi wathu basi. Ine nkhani imeneyi ndimaitsatira chifukwa ndili ndi kashopu ka magemu pa Dedza boma pano, anyamata amabwera kudzamenya mpira wa pa PlayStation akaweruka ku sukulu ndiye mayina a ma streamer akunja, anthu opanga live aja, sachoka pakamwa pawo, mpaka nanenso ndinayamba kuwerenga kuti kodi anthu amenewa ndalama amazipeza bwanji. Maganizo anga ndiwaneneretu pompano. Munthu akafuna kuti uziulutsa kwa iye yekha ndiye kuti akugula chinthu kwa iwe, ndipo chogula chimakhala ndi mtengo wake. Akalipira bwino palibe mlandu. Chimene chimandiwawa ine ndi pamene akutenga ulere kwa mwana amene sakudziwa n'komwe kuti wagulitsa kanthu.

Tiyambe ndi Twitch, platform ya pa intaneti yopangirapo live makamaka za magemu, poti ndi kumene nkhaniyi inakulira. Twitch inayamba mu 2011, kenako Amazon inaigula mu 2014 pa mtengo wa madola pafupifupi 970 miliyoni. Kumeneko anthu amene amalandira ndalama ali m'magulu awiri, ma Affiliate omwe ndi ongoyamba kumene, ndi ma Partner omwe ndi akuluakulu. Kwa zaka zambiri Partner sankaloledwa kupanga live pa platform ina yopikisana ndi Twitch. Affiliate naye anali ndi chingwe chake, zimene akuulutsa pa Twitch sankayenera kuziulutsa kwina nthawi yomweyo, ndipo ngakhale live itatha ankayenera kudikira maola 24 asanaike vidiyoyo pa YouTube kapena pena paliponse. Tsono taganizani izi, kuti ukhale Affiliate nthawi imeneyo zinkangofunika okutsatira 50, kuulutsa maminitsi 500 pa masiku 7 osiyana, ndi owonera atatu pa avereji. Atatu! Ndiye kuti mnyamata amene akuoneredwa ndi mchemwali wake, mnzake wa kusukulu ndi munthu m'modzi wongodutsa wavomera kale pangano lomuletsa kukasaka anthu kwina nthawi yomwe ali pa kamera, posinthana ndi theka la ndalama za ma subscription, zimene owonera amalipira pamwezi, zomwe mwina sizidzabwera, poti kagawidwe kake kanali 50 kwa 50, komanso ndalamazo sunkaziona mpaka zitakwana madola 100. Anadzatsitsa kufika pa madola 50 mu 2022, koma kwa munthu wa owonera atatu ngakhale 50 yomweyo ndi kutali.

Akuluakulu zawo zinali zina. Mu Ogasiti 2019 Tyler Blevins, amene anyamata amamudziwa kuti Ninja wa Fortnite uja, anachoka pa Twitch kupita ku Mixer, platform ya Microsoft yopikisana ndi Twitch, pa pangano lakuti aziulutsa kumeneko kokha. Streamer wina wotchuka, Shroud, anamutsatira mu Okutobala chaka chomwecho. Malipoti ankati Ninja analonjezedwa madola pakati pa 20 ndi 30 miliyoni. YouTube nayo sinagone, inatenga Valkyrae kumayambiriro kwa 2020, DrLupo ndi TimTheTatman mu 2021, Ludwig kumapeto kwa chaka chomwecho, onsewa pa mapangano oti live azipangira kwa iwo okha. Anthu amenewa sindingawadandaule, anali ndi maloya, anakhala pansi, anatchula mtengo, winayo anavomera. Koma onani zimene zinachitika ku Mixer. Owonera ambiri sanasamuke nawo, anangopeza wina womuonera pa Twitch pomwepo. Mixer sinakule mmene Microsoft inkafunira, ndipo mu Julayi 2020, chaka chisanakwane chipitireni Ninja, anaitseka n'kuuza anthu kuti alowere ku Facebook Gaming. Ninja ndi Shroud anamasulidwa, n'kubwerera ku Twitch chaka chomwecho ali ndi ndalama zawo m'thumba. Amene analira ndi ang'onoang'ono amene anamanga zonse pa Mixer, ambiri a iwo anamva za kutsekedwako pa Twitter ngati wina aliyense, ndipo owatsatira amene anawasonkhanitsa kwa zaka sakanatha kuwanyamula kupita nawo kwina.

Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ulimi wa kontrakiti timaudziwa. Kampani ikakupatsa mbewu, feteleza ndi mankhwala, n'kukutumiziranso mlangizi, ili ndi chifukwa chomveka chokuletsa kugulitsa fodya wako kwa vendor wa panjira, yaikapo chuma chake. Koma tiyerekeze munthu wangokubwereka benchi pamsika, mbewu wagula wekha, feteleza wekha, wadzuka m'bandakucha mu Juni kuzizira kuja kukathirira wekha, ndiye iye azikuuza kuti mbatatesi yako usakaiike pa Lizulu, usakaiike pa Tsangano turn-off, uzigulitsira pa benchi yake pokha iye n'kumatengako theka. Palibe mlimi wa ku Bembeke angavomere zimenezo. Koma pa intaneti ana athu akuvomera tsiku ndi tsiku chifukwa pepalalo lili m'Chingerezi, ndi lalitali, ndipo batani lovomera lili pafupi ndi chala.

Mwina mukuti zimenezi ndi za ku America, kuno ndani ali pa Twitch? Zoona, kuno anthu ali pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp, YouTube pang'ono. Koma kamchitidwe komweka kafika, kungoti kuno palibe mamiliyoni a madola. Mwana wa achemwali anga amakhala cha ku Linthipe, ali ndi foni yabwinoko ndi ka power bank, ndipo wakhala akupanga live pa page yake ya Facebook, mpira wa mabonanza m'midzimu, maukwati, zinkhoswe, makwaya akakhala ndi paper Sunday, nthawi zina mpikisano wa magemu wa pashopu panga. Owonera ake ambiri si a pano ayi, ndi anyamata a kwathu konkuno amene ali ku Joni, ku Cape Town, ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amafuna kuona timu ya kumudzi kwawo ikusewera, amafuna kuona mlongo wawo akuvina pa ukwati umene iwo alephera kubwera. Akasangalala amamuponyera kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, a ku Joni amatumiza kudzera kwa abale. Si ndalama zambiri koma sopo amagula yekha, ndipo eni maukwati ayamba kumuitana n'kumamulipira.

Ndiye anthu ena a m'tauni amene ali ndi page yaikulu ya nkhani ndi zamasewera anamuona, anamuimbira, n'kumutumizira pepala pa WhatsApp. Mnyamatayo anabwera nalo kushopu madzulo, akuti amalume tandionereni ichi, ndisaine? Nkhope ikuwala, poti kwa iye kuitanidwa ndi page yaikulu chonchija ndi ulemu. Pepalalo linkati azimupatsa bandulo mwezi uliwonse, maikolofoni yopanda chingwe ndi choimikira foni. Iye mbali yake, live iliyonse imene angapange, kaya ndi mpira kaya ukwati kaya chani, izikhala pa page yawo yokha, asapange pa page yake, asapange pa TikTok kapena YouTube, kwa zaka ziwiri. Mavidiyo onse ndi awo. Akaphwanya panganolo abweze zipangizo ndi ndalama zonse za bandulo kuyambira tsiku loyamba. Malipiro? Analemba kuti adzakambirana page ikayamba kupeza otsatsa malonda. Ndinamufunsa kuti mwanawe, pa zonsezi chimene wagulitsa wachiona? Akuti ayi amalume sindikugulitsa kanthu, akungondithandiza. Ndinamuuza kuti wagulitsa anthu ako onse a ku Joni aja, chifukwa zaka ziwiri zikamatha adzakhala atazolowera kukupeza pa page ya eni ake, ndipo tsiku limene mudzayambane iwo adzangoika mnyamata wina pa bwalo lomwelo, iwe udzabwerera ku page yako imene yakhala zii zaka ziwiri.

Sindikufuna kuwanamizira zoipa zokhazokha anthu amenewa, mantha awo ndikuwamvetsa. Akuopa kuti amukweza mnyamata, amupatsa owonera awo, dzina lake likveka iye n'kuthawa nawo. Ngakhale makampani akuluakulu aja ali ndi chifukwa chawo. Kuulutsa vidiyo ya live kwa anthu zikwizikwi nthawi imodzi kumadya ndalama zoopsa, ndipo mkulu wa Twitch, Dan Clancy, ananena yekha mu Januwale 2024 kuti kampaniyo sikupanga phindu, mwezi womwewo anachotsa antchito pafupifupi 500. Otsatsa malonda amalipira maso a anthu, ndiye ngati maso omwewo agawikana pa Twitch, YouTube ndi Facebook aliyense apeza zochepa. Zonsezi n'zomveka. Koma yankho la mantha amenewa ndi kulipira munthuyo kuti akhale, osati kumumanga ndi chilango. Ku China ndiye zinafika poipa, ma platform ngati Douyu ndi Huya ankasainitsa ma streamer mapangano a zaka zingapo okhala ndi chindapusa chachikulu, ndipo amene anasamukira kwa mnzawo wopikisana naye ena anakokeredwa kukhoti n'kulamulidwa kulipira ndalama zambirimbiri.

Chinanso chimene chimandichititsa kukana pangano lalitali ndi chakuti amene wakumangayo iye sanamangidwe. Mixer ndaitchula kale. Facebook inatseka app yake ya Facebook Gaming mu Okutobala 2022. Twitch inachoka ku South Korea pa 27 Febuluwale 2024 ponena kuti ndalama zolipira makampani a netiweki kumeneko zinali zokwera kuchulukitsa ka 10 poyerekeza ndi mayiko ambiri, ndipo ma streamer a kumeneko anachita kusamukira ku AfreecaTV ndi CHZZK ya Naver kaya akufuna kaya sakufuna. Ngati Amazon ndi Microsoft angatseke chitseko pa dziko lonse lathunthu, nanga page ya anyamata angapo a m'tauni imene ingabedwe ndi ma hacker usiku umodzi kapena kutsekedwa chifukwa wina anaika nyimbo ya eni ake?

Tsono chosangalatsa ndi chakuti Twitch yomweyo inadzamasula chingwe, ndipo mmene inamasulira zikuphunzitsa kanthu. Mu Ogasiti 2022 analola ma Partner kuti azipanga live pa YouTube kapena Facebook, bola isakhale nthawi imodzi ndi ya pa Twitch, kupatula pa za pafoni ngati TikTok ndi Instagram. Mu Juni 2023 anabwereranso m'mbuyo, analemba m'malamulo awo kuti wina aliyense, ngakhale amene salandira kalikonse kwa iwo, asaulutse nthawi imodzi pa platform yofanana ndi Twitch. Anthu anakwiya kwambiri, Ninja anali m'modzi wa odzudzula poyera. Mwezi womwewo Kick, platform yatsopano imene inayamba kumapeto kwa 2022, inasainitsa Félix Lengyel, xQc uja, pangano la zaka ziwiri lofika madola 100 miliyoni, ndipo chodabwitsa panganolo silinamuletse kupitiriza kuulutsa pa Twitch. Kick inkalonjezanso kuti pa ndalama za ma subscription streamer azitenga 95 pa 100 iliyonse. Pofika Okutobala 2023, pa msonkhano wa TwitchCon ku Las Vegas, Dan Clancy analengeza kuti tsopano munthu akhoza kuulutsa pa Twitch ndi pena paliponse nthawi imodzi. Anaikapo timalamulo, kuti chithunzi cha pa Twitch chisakhale chonyansa kuposa cha kwinako, usamaike ma link okokera anthu kuti achoke pa Twitch live ili mkati, komanso usasakanize ma chat a ma platform onse pa sikirini imodzi. Koma chingwe chachikulu chinaduka. Ine sindikhulupirira kuti anachita zimenezi chifukwa cha chifundo, anachita chifukwa anthu anali ndi kwina kopita.

Pa Kick pano ndiimepo pang'ono chifukwa anyamata pashopu amaitama kwambiri. Eni ake, Ed Craven ndi Bijan Tehrani, ndi omwenso ali ndi Stake, kampani ya juga ya pa intaneti, ndipo Kick inatulukira patangopita nthawi yochepa Twitch italetsa kuulutsa juga ya pa malo ngati Stake mu Okutobala 2022. Ife amene tikuona mmene kandege kakumalizira ndalama za feteleza ndi za fizi m'makomomu sitingangowomba m'manja osafunsa kuti 95 imeneyo ikuchokera kuti. Ndimawauza anyamata kuti kupikisana kwa makampaniwa kwathandiza ma streamer, inde, koma sikuti aliyense wopikisanayo ndi m'bale wako.

Komanso ndisakunamizeni kuti kuulutsa paliponse nthawi imodzi ndi mankhwala a zonse. Kuno n'kovuta. Mwana wa achemwali anayesa kuika mafoni awiri, ina Facebook ina TikTok, bandulo inatha msanga, foni inayo inatentha n'kuzima hafu taimu isanakwane, komanso kuseri kwa mapiri kuno netiweki imabwera n'kumapita, ena a kumalire amachita kusunga SIM ya ku Mozambique kuti ikakana iyi ayese inayo. Pali njira ngati Restream ndi StreamYard zimene umatumiza vidiyo kamodzi iwo n'kuigawa ku ma platform angapo, zimenezo zimapulumutsa bandulo, koma zabwino zake zambiri zimafuna kulipira m'madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cha madola chimaluma. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023 koma si mnyamata wa mabonanza angagule zipangizo zake. TikTok nayo kawirikawiri siikulola kupanga live usanafike okutsatira 1,000. Ndiye palinso vuto la anthu, live imakoma chifukwa wopangayo akuyankha, wina ku Joni walemba kuti tionetseni agogo akhala pa mpando wachiwiri uko, iwe n'kutembenuza kamera. Ukakhala ndi ma chat atatu umayankha mbali imodzi enawo n'kumaona ngati ukuwanyoza. Choncho munthu akhoza kusankha yekha kukhala pa platform imodzi, ndipo nthawi zambiri kwa ongoyamba n'kwanzeru kutero. Koma kusankha wekha lero, mawa n'kusintha zikavuta, n'kosiyana ndi kuletsedwa ndi pepala.

Nkhani ya mavidiyo nayo anthu amaipeputsa. Kuyambira Febuluwale 2025 Facebook imasunga vidiyo ya live masiku 30 okha, kenako imafufuta pokhapokha mwini page ataitsitsa kapena kuisamutsira kwina. Ndiye ngati ukwati wa mwana wa a mfumu unaulutsidwa pa page ya anthu a m'tauni, amene angautsitse bwinobwino ndi iwowo, ndipo akaiwala wapita. Mayi wa mkwatibwi akadzabwera miyezi itatu kudzafuna vidiyo sadzapita m'tauni, adzabwera kwa mnyamata amene anamuona atanyamula foni pa tsikulo. Amene adzachite manyazi ndi iyeyo.

Tinakhala pansi ine ndi mwana wa achemwali uja n'kulemba yankho, m'Chichewa, kuti aliyense amve. Tinati pangano likhale la miyezi 6, likatha tikambiranenso. Tinati malipiro alembedwe m'manambala, pa masewera aliwonse amene waulutsa pa page yawo, osati mawu akuti tidzaona. Tinati kuletsako kukhudze masewera okhawo amene iwo alipira, pa amenewo sadzaulutsa kwina kulikonse ndipo dzina lawo lidzaoneka, koma maukwati, zinkhoswe ndi makwaya ndi bizinesi yake, izipita pa page yake ngati kale. Tinati dzina lake ndi la page yake zizitchulidwa pa live iliyonse, kope la vidiyo iliyonse azisunga, ndipo gulu lake la pa WhatsApp limene amalengezerapo masewera likhale lake, asawapatse manambala a anthu. Za kubweza bandulo yakale tinakana, bandulo imene inagwira kale ntchito yawo singakhalenso ngongole. Zipangizo zokha ndiye akhoza kubweza pangano likatha.

Eni page aja anayankha patapita masiku. Miyezi 6 avomera, za maukwati avomera, za bandulo avomera monyinyirika. Pamene tatsamwirana ndi pa TikTok. Iwo akuti ngakhale tizidutswa ta zigoli asaike pa TikTok yake mpaka sabata itatha, chifukwa tizidutswa timeneto ndi timene timayenda kwambiri ndipo akufuna tiziyambira kwa iwo. Ife tikuti sabata ndi yaitali, chigoli cha Loweruka pofika Loweruka linalo palibe akuchifunanso, ngakhale Twitch pa nthawi imene inali yolimba mtima inkangofuna maola 24. Tawauza kuti tsiku limodzi tivomera popanda kuonjezera kanthu, koma akafuna sabata yathunthu aonjezere ndalama pa masewera aliwonse, ndipo atchule okha kuti zingati. Mpaka pano sanatchule, ndiye mnyamatayo sanasaine.